Mkoko wa Mwana wa ku Limbe

Abambo anga anali okhoma zidebe. Ndowa, maketulo, mbaula, zothirira mbewu kudimba, chilichonse cha malata chimene chinadonthapo pakati pa Nguludi ndi Milepa chinadutsa m'manja mwawo. Kumudzi kumene ndinakulira ine, kufupi ndi Nguludi, anali mkamwini chabe. Mudzi unali wa amayi, munda wa amayi, ndipo ana tonse tinkawerengedwa kwa amalume. Kwawo kwenikweni kunali kutsogolo kwa Milepa, kumene ankapitako panjinga kawiri kapena katatu pachaka, akukhoma ndowa za anthu njira yonse. Ine ndimakumbukira kufikako kamodzi kokha, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditakhala pakaliyala, ndipo theka la ulendowo ndinali m'tulo.

Nditapeza ukalaliki pa kampani ina ya fodya ku Limbe, ndinagula tayi. Musaseke ayi, tayi imasintha munthu. Ikangokufinya pakhosi, mawu ena amakanika kutuluka, makamaka akuti "sindikudziwa." Ndinkavala ndi Loweruka lomwe, popita kukagula makala.

Abambo ankabwera kudzandiona kutauniko ndi mkoko wa nthochi atamanga pakaliyala ndi malegeni. Akatsitsa ankapukuta thukuta ndi chipewa n'kunena mawu omwewomwewo:

"Za kwathu izi. Tiye tsiku lina ukaone pamene zimamera."

"Tidzapita, bambo, ntchito ikachepa."

Ntchitoyo inakana kuchepa zaka khumi ndi ziwiri zathunthu. Koma nthochizo ndinkadya, osasiyako ndi imodzi yomwe. Ulendo wina nditawayankha choncho anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. Anati, "Chabwino. Udzandiperekeza ndithu, ufune usafune." Inenso ndinaseka, ndinkayesa nthabwala za akuluakulu.

Anamwalirira m'nyumba mwanga nthawi ya dzinja, chimanga chitayamba kumasula, atabwera kudzalandira mankhwala a chifuwa. Amayi anali pomwepo. Uthenga tinaupereka kuwailesi, ndipo tsiku lotsatira anafika abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, munthu wowonda wosachedwa kupsa mtima. Nkhani anaidula mwachidule: mkamwini saikidwa kuchikamwini, mbale wawo akagona kwawo pafupi ndi mayi wake. Palibe anatsutsa. Kenako anati iwo atsala kuti adzakwere nafe galimoto n'kulondolera njira, ndipo kumudziko atuma munthu wina kuti akauze adzukulu okumba manda.

Tsoka lake ananena zimenezi pamaso pa anzanga a ku ofesi amene anabwera kudzapepesa. Tayi inandifinya.

"Bambo aang'ono, mukundiyesa mwana kodi? Munthu angasochere kwawo kwa bambo ake? Tsogolani inu mukakonze zakumeneko. Ife mutione teni koloko."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka pakhosi.

"Wanena wekha," anatero. "Koma umve. Adzukulu akumba mawa m'mamawa, ndipo kwathu dzenje siligona lopanda kanthu. Dzuwa likalowa inu osafika, aikamo thunthu la nthochi n'kukwirira. Lachiwiri sakumbanso, akuti n'kuitana imfa ina. Zikatero abambo akowa ukaona wekha kowaika."

Anakwera basi masana omwewo. Ine ndinakhala pansi n'kulemba mbiri ya malemu ndi cholembera cha inki, masamba atatu. Pa tsamba lachiwiri ndinalemba mopanda manyazi kuti ine ndi abambo tinkayendera limodzi.

Kampani inatibwereka lole. Kumbuyo anakungako lona, ndipo m'katimo munalowa bokosi, amayi anga atafunda nsalu yakuda kumutu, ndi amayi a mpingo wathu khumi ndi awiri pamodzi ndi mtsogoleri wawo wa nyimbo, mayi wamkulu thupi amene mawu ake ankamveka kuseri kwa msika. Ine ndinakhala kutsogolo, jekete, tayi yakuda, nsapato zopolisha. Dalaivala anali mkulu wina wamfupi wa ku Ntcheu amene dera la kwathu anali asanapondeko.

"Akalaliki," anatero akuliza injini, "ine changa n'chiwongolero. Njira ndi yanu."

"Yendetsani inu, musade nkhawa."

Chuma changa chonse pa nkhani ya njirayo chinali zinthu zitatu zimene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anaona asanagone: phiri la Chiradzulu lizikhala kumbuyo chakumanzere, padzapezeka chigayo, ndipo pamphambano pali mtengo waukulu wa mango. Ndinkaona ngati zakwana. Sindinaganize kuti m'boma lathu lija mphambano iliyonse ili ndi mango wake ndiponso chigayo chake.

Mpaka pa Njuli zonse zinayenda bwino, ndipo ndinaloza pokhotera ndi chala chimodzi, monga amachitira anthu odziwa. Titangodutsa pa boma la Chiradzulu kunada bii chakum'mawa. Mvula inayamba ya madontho akuluakulu, kenako inangokhuthuka. Chifunga chinatsika n'kumeza phiri lonse, phiri limene laima pamenepo chilengedwere dziko, n'kusankha tsiku limenelo kuti lisowe. Pa zopukutira galasi ziwiri, chogwira ntchito chinali cha mbali ya dalaivala. Mbali ya ine wolondolera njira kunkangooneka madzi.

Pa Milepa tinadutsa cha m'ma leveni. Msika unali utabalalika, anthu ataunjikana m'makonde a masitolo. Akanakhala munthu wanzeru akanatsika pamenepo n'kufunsa, popeza pakhonde lililonse panali anthu makumi awiri osowa chochita. Ine ndinayang'ana kutsogolo ngati ndikuwerenga nyuzi.

Pamphambano yoyamba panali mango. Ndinati kumanja. Pa yachiwiri panalinso mango, wamkulu kuposa woyamba uja. Ndinati kumanzere. Tinapeza chigayo, mbuzi yoyera itausa mvula pakhonde pake, ndipo ndinapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Eya, chigayo chija n'chimenechi." Patsogolo pang'ono tinakumana ndi mayi wina atafunda tsamba la nthochi kumutu. Dalaivala anachepetsa liwiro.

"Tiwafunse amayiwa?"

"Tifunse chiyani? Ndati yendetsani."

"Safunsa anadya phula, akalaliki."

"Phulalo ndidya ine. Inu gwirani chiwongolero chanucho."

Tinayenda ola lathunthu pakati pa minda ya chimanga, msewu ukunka nuchepa, lole ikuvina m'matope. Kenako tinatulukira pa chigayo china. Pakhonde pake panali mbuzi yoyera. Dalaivala anatsitsa galasi, anavula chipewa n'kuipatsa moni mbuziyo mwaulemu wonse, ati popeza tsopano tadziwana. Ndinamuuza kuti zigayo za kuno zimafanana. Anati ndi mbuzi zomwe, eti. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuchotsa ntchito pomwepo.

Cha m'ma wani koloko tinalowa m'dothi lakuda lija la makande, limene likanyowa limagwira phazi osafuna kubweza. Lole inalira, inatembenuza matako, n'kutitimira mpaka m'mimba. Dalaivala anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo, matayala akungopota phala. Anazimitsa injini, ndipo panangotsala phokoso la mvula palona.

Mtsogoleri wa nyimbo uja anasuzumira kumbuyoko.

"Galimoto ya maliro siititimira chabe," anatero ndi mawu ake onse aja. "Malemu akukana. Pali chimene chawanyansa. Mwana wamkulu akwere kuno alankhule nawo."

Ndinafuna kuwafotokozera za dothi ndi kulemera kwa lole, koma amayi khumi ndi awiri anali akundiyang'ana. Ndinakwera. M'lonamo munkanunkha zitenje zonyowa ndi matabwa atsopano. Amayi a mpingo anasunthira kumbuyo kuti andipatse malo. Amayi anga anali kumutu kwa bokosi, nsalu itaphimba nkhope, osalankhula kanthu chichokere ku Limbe. Ndinagwada, ndinaika pakamwa pafupi ndi chivundikiro. Ndinali nditakonza mawu abwino ndithu, oti bambo pepani, mtima pansi, tiyeni mukapume. Koma chimene chinatuluka, monong'ona, n'chakuti:

"Bambo, ndasochera. Njira ndi iti?"

Bokosi silinayankhe. Inayankha ndi nsalu yakuda ija, motsitsa kwambiri moti ndinamva ndekha.

"Zaka zonsezi anali ndi pakamwa. Ukufunsa lero?"

"Mayi, inu simukuidziwa?"

"Ine ndinkadzera njira ya m'minda kuchokera ku Nguludi, wapansi, iwe uli kumbuyo. Za misewu ya magalimoto funsa tayi yakoyo."

Sanauze munthu aliyense. Anangokokeranso nsalu yawo kumaso, ndipo kundisungira manyazi kumeneko kunandipweteka kuposa akanandikalipira pagulu.

Amayi a mpingo anatsika, anamanga zitenje m'chiuno, anatola miyala ndi nthambi n'kuponya pansi pa matayala, kenako anakankha akuimba. Abale, mayi wa mpingo musamamuone akugawa mabuku Lamulungu. Lole inatuluka. Mtsogoleri uja, matope mpaka m'makutu, anandigwira dzanja n'kuuza anzake kuti, "Mwaona? Mwana wodziwa kulankhula ndi makolo ndi ameneyu." Ndinavomera ulemuwo ndi kamutu, monga mbala ivomera moni.

Tinayendanso, ine ndikuloza mwachisawawa, wotchi ikundiluma padzanja. Itakwana folo koloko ndinali nditayamba kuliona thunthu la nthochi lija m'maso mwanga, litagona m'dzenje la abambo. Pamenepo dalaivala anaponda buleki n'kufuula kuti, "Masamba!"

Zoonadi, pakanjira kokhotera kumanja panali nthambi zaziwisi zitayalidwa modutsa msewu, chizindikiro cha maliro chimene ngakhale mwana amachidziwa. Wapanjinga akaziona amatsika, wachipewa amavula. Ine mtima unagwa m'malo. Ndani winanso angafe sabata imeneyi kudera lino kupatula abambo anga?

"Si ndinanena?" ndinatero, ndikukonza tayi. "Khotani. Tafika."

Dalaivala anamenya chitseko kudziwitsa akumbuyo. Mwambo wake ngwakuti amayi operekeza maliro amasunga misozi m'njira, n'kuitulutsa galimoto ikamalowa m'mudzi. Athu aja anali ataisunga kuyambira m'mawa, ndipo anaitsegula yonse nthawi imodzi. Kutsogoloko mudzi unayankha. Amayi anatuluka m'nyumba manja kumutu, akuthamangira lole m'mvula, kulira kwawo kukuposa kwathu. Amuna anadzuka pansi pa chisakasa n'kuyamba kubwera. Ndinaona kuti ambiri avala mikanjo ndi tizisoti toyera, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi abale a abambo analowa liti Chisilamu osatiuza. Koma munthu amene wasochera tsiku lonse safuna mafunso ena.

Ndinatsika. Ndinkadziwa kuti abambo ali ndi mlongo wawo kumudziko, ndiye nditaona mayi wachikulire akubwera kutsogolo kwa onse, ndinamukumbatira n'kulira mokweza kuti, "Azakhali! Azakhali, atisiya!" Nayenso anandigwira zolimba, akulira m'Chiyao paphewa la jekete langa. Tinalira bwino kwambiri awirife.

Kumbuyoko amuna anatsitsa chitseko cha lole n'kukweza lona. Kulira kwa amuna ndi akazi a pafupi kunaduka ngati wina watseka mpopi, ndipo bata linayenda kuchokera palole mpaka kunyumba zakutali. Mtsogoleri wathu anali atangoyambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndipo inamufera pakhosi ataona kuti taima pakhomo pa mzikiti.

"Bokosi?" anafuula bambo wina wamtali, maso ali psuu. "Ndani waika bambo anga m'bokosi? Nanga mtandawu?"

Asilamu saika munthu m'bokosi, amamukulunga m'nsalu yoyera. Anthu aja ankadikira mkulu wawo amene anamwalirira kuchipatala, ndipo ataona lole ya amayi olira anadziwa kuti wafika. Azakhali anga atsopano aja anandikankha, anandiyang'ana bwinobwino kumaso, n'kufunsa m'Chinyanja chomveka kuti, "Kodi inu ndinu yani?"

"Mwatiliritsa maliro a eni!" anatero wamtali uja akubwera kwa dalaivala. "Mukuyesa masewera?"

Dalaivala, Yudasi wa munthu, anandiloza ndi manja onse awiri. "Funsani abwanawa. Akuti kuno ndi kwawo."

Sindidziwa chimene chikanachitika pakanapanda mkulu wina wa ndevu zoyera amene anatuluka pakhonde la nyumba yoyandikana ndi mzikiti, pamene panali makina osokera ataphimbidwa ndi chiguduli. Anabwera pang'onopang'ono ndi ambulera yakuda, analankhula mawu awiri atatu kwa wamtali uja, ndipo anthu anapatuka. Anali telala wa m'mudzimo.

"Pepani, achimwene," anatero kwa ine. "Mwanyamula yani, ndipo mukupita kuti?"

Tayi inayesa komaliza kundifinya, koma inali itanyowa. Ndinatchula dzina la abambo ndi la mudzi wawo, ndipo ndinawonjeza pamaso pa dalaivala, amayi a mpingo ndi mudzi wonse wa eni kuti njira sindikuidziwa.

Atelala aja sanaseke. Anapita palole n'kuika dzanja pabokosi.

"Okhoma zidebe aja? A njinga yakuda, belu lomanga ndi waya?"

"Omwewo."

"Aaa. Ketulo imene timasambira tikamalowa mumzikitimu anakhoma ndi iwowa. Mvula ikawapeza ankausa pakhonde langa apo, ine ndikusoka, iwo akukhoma, osamvana n'komwe chifukwa cha phokoso." Anatembenuka n'kundiyang'ana pakhosi. "Ndiye inu ndinu wa ku Limbe uja? Ankati adzadutsa nanu pano kuti ndidzakuoneni. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa." Anayang'ananso bokosi lija. "Basi, adutsa nanu."

Mvula inandithandiza, chifukwa nkhope za tonse zinali zonyowa kale.

Anandilozera kutsidya kwa dambo, kumene nsonga za mitengo ya bulugamu zinkaoneka pang'ono m'chifunga. Kumeneko ndiko kunali kwawo kwa abambo. Koma anati galimoto iyenera kubwerera mpaka ku Milepa n'kukazungulira, ndipo kamlatho ka njira imeneyo kamira kuyambira m'mawa, lero sitingafike. Wapansi, kudula padambo, ndi ola limodzi. Ndinawauza za dzenje ndi thunthu la nthochi. Anagwedeza mutu, mwambo wa anansi awo ankaudziwa.

"Maliro athu sanafike, mtsinje wawatsekera," anatero. "Mapewa angokhala."

Analankhula m'Chiyao kwa amuna aja. Panabwera nsungwi ziwiri zazitali ndi zingwe, bokosi analimanga, ndipo woyamba kulowetsa phewa anali wamtali uja amene ankafuna kutimenya. Dalaivala anapemphedwa kuti atenge anthu angapo akaone kumene maliro awo atsekeredwa, ndipo anavomera msangamsanga, ndikuganiza chifukwa chokondwa kuti apeza olondolera njira enieni.

Ife kutchalitchi maliro timayenda nawo mwakachetechete, phazi limodzi, vesi imodzi. Anzathuwa ayi. Amayenda nawo ngati akuthamangitsa basi, ndipo amasinthana mapewa osaima: wakutsogolo akachoka, wapambuyo pake wasunthira kale, wina walowa kumbuyo. Abambo anga, amene moyo wawo wonse ankapalasa njinga mosafulumira, anadutsa dambo lija liwiro limene sanayendepo. Amayi a mpingo anayesa kuyambitsa nyimbo, koma mpweya unawathera pa mzere wachiwiri, n'kungotsala phuu, phuu. Amayi anga anakwinya nsalu yawo, opanda nsapato, ali pambuyo penipeni pa bokosi, osatsalira ndi phazi limodzi.

Ine nsapato yakumanja inatsala m'makande titangoyamba. Ndinavula inayo n'kuinyamula m'manja, sindidziwa kuti ndinkati ndikaitani nayo. Pakati pa dambo, madzi ali m'mawondo, ndinati nanenso ndisenzeko bambo anga. Ndinalowetsa phewa, ndinayenda mapazi asanu, ndinaterereka, ndipo bokosi linapendekeka mpaka amayi anakuwa. Munthu wina anandichotsapo mwaulemu ngati akuchotsa mwana pamoto. Atelala, amene ankayenda nafe ndi ukalamba wawo wonse, anandipatsa ambulera yawo kuti ndiziwagwirira. Ntchito imene ndinaikwanitsa pa maliro a abambo anga ndi imeneyo.

Titatuluka m'dambo mvula inali itasanduka yamawawa, ndipo kumadzulo, pansi pa mitambo, kunali kutafiira. Sitinalowe n'komwe m'mudzi. Munthu wina atationa anathamanga akukuwa, ndipo tinalunjika kumanda kumene anthu onse anali atasonkhana kale. Adzukulu awiri anali m'dzenje akukapa madzi ndi ndowa. Pamphepete pake panagona thunthu la nthochi, atalikulunga kale mumphasa, zingwe zotsitsira zili pansi pake.

Abambo aang'ono anabwera, anayang'ana bokosi, anayang'ana amuna a mikanjo, anayang'ana mapazi anga. Ananena mawu awiri okha:

"Teni koloko."

Anthu a m'mudzimo atelala aja ankawadziwa. Anawalonjera ndi dzina, anagwirana nawo chanza, akulu ena anawathokoza mpaka kugwira m'mawondo. Ine panalibe anandilonjera, kufikira mkulu woyendetsa mwambo ataona jekete ndi tayi. Anatuma munthu kunyumba ya aphunzitsi, ndipo panabwera mpando, umodzi wokhawo pamaliro ponse. Anaupukuta ndi chipewa chake.

"Abwana a ku kampani akhale apa."

Abambo aang'ono anali pomwepo, anamva, ndipo anangoyang'ana kumitengo. Dala. Mukufuna kudziwa ngati ndinakhalapo? Ndinakhalapo. Mpando ndinali nditauzolowera.

Mwambo unafulumira chifukwa cha dzuwa. Thunthu analikokera pambali, abambo anatsitsidwa m'dzenje lawo, mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule. Ndinapisa m'thumba kuti nditulutse mbiri ija, ndipo ndinapeza phala la buluu, masamba atatu atamatana. Mbiri ananena ndi abambo aang'ono, popanda pepala, ndipo inali yoona. Kenako woyendetsa mwambo anayamba kuthokoza: adzukulu, amayi a mpingo, abale athu a kutsidya kwa dambo amene asiya maliro awo, "komanso abwana awa amene kampani yawatuma, avutika nafe mpaka kutaya nsapato, chonsecho malemu sanali mbale wawo."

Apo ndiye ndinaimirira. Mawu anatuluka aang'ono, osakhala a mu ofesi aja.

"Pepani. Ine sindine wa kampani. Ndine mwana wawo, woyamba."

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Kenako kumbuyo kwa gulu mayi wina ananena, osati monyoza, koma modabwa zenizeni:

"Kodi alipodi?"

Ndinamva pambuyo pake kuti ambiri m'mudzimo ankayesa mwana wa ku Limbe ndi nkhani chabe imene okhoma zidebe ankadzitamira nayo. Anandipatsa khasu, ndinaponya dothi, ndipo mpando uja unabwerera kwa aphunzitsi wopanda wokhalapo. Amuna a mikanjo sanadikire chakudya. Kutsidya kunamveka hutala ya lole, ndipo anatsika m'dambo ndi liwiro lomwe lija kukasenza wawo.

M'mawa mwake kunacha kowala, phiri lili poyera, kumbuyo chakumanzere, ngati silinalakwe kanthu. Tikukonzeka kubwerera kumene lole inagona, kunabwera mayi wamng'ono thupi, wa mphini m'masaya. Sindinafunse kuti ndi yani. Nkhope inali ya abambo, ndi kayendedwe komwe. Awa ndiwo anali azakhali enieni, ndipo sindinawakumbatire, manyazi a dzulo anali asanathe.

"Tiye kuno," anatero.

Ananditengera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa la udzu, pamene madzi osamba amatsikira. Panali phata la nthochi, mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, nkhuku zikupalasa pansi pake. Pakati panali chitsa chatsopano, chikudontha madzi.

"Ndi apa," anatero. "Ankati udzabwera udzaone."

Ndinaona. Malo ake ndi ochepa, munthu ungawadutse osatembenuka.

Analowa m'khitchini n'kutuluka akukoka mkoko wa nthochi zosapsa, pakhosi pake patamangidwa kansanza kofiira.

"Adzukulu anasankha thunthu lalikulu, ine ndinakana koma sanandimvere. Linali ndi mkoko uwu. Kansanzaka anamanga yekha mchimwene wanga ulendo wake womaliza, kuti ana asaukhudze. Anati uwu ndi wa mwana wa ku Limbe." Anandiyang'ana pakhosi, pamene tayi inali itachokapo. "Poti ulipodi, tenga."

Ndinausenza pamutu, wopanda nkhata, utomoni ukudonthera pajekete. Podutsa dambo ndinafunsa njira kanayi, ngakhale pamene mapazi athu a dzulo ankaoneka m'matope. Dalaivala atandiona anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma amayi anga anamuyang'ana, n'kutseka.

Ku Limbe ndinaupachika mkokowo m'khitchini. Kampani inandipatsa sabata yopuma chifukwa cha maliro, ndipo nthochi zinapsa Lachisanu, zonse pamodzi. Ndinakhala pakhonde ndekha kuyambira m'mawa, ndikusenda imodziimodzi, wopanda kopita ndiponso wopanda chochita. Ntchito inali itachepa.